Jekete la M'chipinda Nambala 17

Mu ufumu wa Tidzaonabe, umene mapu ambiri alibe chifukwa ojambula mapu atafika anauzidwa kuti abwere tsiku lina, muli mzinda wotchedwa Bweranimawa. Pakati pa mzindawo pali Nyumba ya Khonsolo, chinyumba chosanja cha zipinda makumi asanu ndi limodzi, makonde aatali ngati msewu, ndi mipando yofewa yochita kuitanitsa kunja. Anthu a mumzinda ankaidziwa bwino nyumbayi, koma kunja kwake kokha. Wofuna chikalata cha malo, wofuna chiphaso cha geni, wodandaula za ngalande yotsekeka, onse ankaima pamzere panja. Dzuwa likaswa mtengo linkawaswera kumodzi, mvula ikabwera inkawasambitsa osapempha.

M'katimo munkagwira ntchito majekete. Musandiyang'ane choncho, ndikunena zimene ndinaona ndi maso angawa. Bwana wa ku khonsolo ankafika m'mawa, n'kuvula jekete, n'kulikoleka kumsana kwa mpando, basi n'kutuluka kukaona za munda wake, za minibasi yake, kapena za banja lake lachiwiri limene loyamba silinkalidziwa. Iwe ukachita mwayi wosuzumira pakhomo, mesenjala ankakulozera mpando n'kukuuza kuti abwana alipo, jekete lawo ndi ilo, angotuluka pang'ono. Ndipo unkabwerera padzuwa paja mtima uli m'malo, poti wadzionera wekha.

Mwa majekete onsewo, la m'chipinda nambala 17 ndi limene linkamusowetsa mtendere Elube Nakwenda, telala wosokera pakhonde la golosale ina kumsika. Linali la mwamuna wake, malemu Disoni Kachiwanda, kalaliki wa za ngalande. A Kachiwanda anali munthu wodabwitsa ku khonsoloko, chifukwa iwo ankakhaladi pampando. Zaka makumi awiri osachedwa, osajomba, ndipo mwina n'chifukwa chake sanakwezedwepo, pakuti munthu wopezeka pampando tsiku ndi tsiku amaoneka ngati alibe nzeru zochitira zina. Lachiwiri lina kunatentha kwambiri. Anavula jekete, anapita kumsika kukagula chinangwa chootcha, anagwa pafupi ndi mpopi, ndipo pofika nawo kuchipatala n'kuti atatsamira kale mkono. Maliro anayenda bwino. Jekete linatsala pampando.

Tsono ku Tidzaonabe mkazi wamasiye sasudzulidwa mpaka zovala zonse za malemu zitaunjikidwa pamphasa kuti abale agawane. Zonse, ngakhale sokosi yobooka chidendene. Chaka chitatha, Elube anayala mphasa, anaikapo malaya anayi, mathalauza atatu, nsapato ndi chipewa. Malume a malemu, a Mtambalika, anauzungulira muluwo kawiri, kenako anafunsa za jekete lotuwa lija mphwawo anavala pa tsiku la ukwati. Atamva kuti lili ku ofesi, anati popanda ilo mwambo sungayende, ndipo anapinda mphasa ndi manja awo n'kukakwera basi.

Zikanakhala kuti Elube analibe womudikira, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma kunali a Yotamu, okhoma zidebe ndi mbaula pafupi ndi chipata cha khonsolo, bambo wofatsa amene mkazi wawo anamwalira kalekale. Anamufunsira Elube, Elube analola, ndipo sankabisa kuti amawakonda. Vuto linali lakuti mwamuna waulemu salowa m'nyumba ya mkazi wosasudzulidwa. A Yotamu anadikira zaka ziwiri. Tsopano alongo awo anali atatopa kuwachapira, moti anawapezera mkazi wina kumudzi, n'kulumbira kuti mvula yoyamba ikagwa zinthu zili chomwechi, akamutenga okha mkaziyo n'kudzamutula pakhomo ndi mapoto ake omwe. Mwezi unali wa Okutobala, ndipo mitambo inali itayamba kale kuchezerana masana.

Elube anali atapita ku khonsolo maulendo osawerengeka, ndipo ulendo uliwonse ankalandira dzina la mzindawo ngati yankho. Anali ndi chiyembekezo ndithu kuti tsiku lina wina adzatopa n'kumuponyera jeketelo. Chimene chinaononga zonse ndi mango osapsa.

Mfumu Mkokomo Wachitatu, mwini dziko, inadya mango oterowo m'mawa wina isananyamuke ulendo. Mdipiti wa galimoto zake ukudutsa pakati pa Bweranimawa, m'mimba mwachifumu munabwadamuka. Inaimitsa mdipiti wonse pa Nyumba ya Khonsolo, inalowa liwiro losayenera udindo wake, n'kuyamba kutsegula chitseko ndi chitseko kufunafuna chimbudzi. Inatsegula zitseko makumi anayi isanapeze chimene inkafuna, ndipo m'zipinda zonsezo sinakumane ndi munthu ndi mmodzi yemwe woti n'kumufunsa njira. Itatuluka, thupi litapepuka ndipo maso atayamba kuona bwino, inapeza anthu ali pamzere padzuwa, ena atadziphimba kumutu ndi makalata omwe anabwera kudzasainitsawo. Kwa nthawi yoyamba mu ulamuliro wake, Mfumu inamva chisoni popanda wolemba zolankhula zake kuiuza kuti imve chisoni.

Tsiku lomwelo wailesi inawerenga lamulo katatu. Chipinda chilichonse cha Nyumba ya Khonsolo chimene mulibe wantchito chitsegulidwe kwa anthu. Osoka asokeremo, ana a mkaka aphunziriremo, makwaya aimbiremo, odikira adikiriremo atakhala pansi. Nyumba ya anthu ikhale ya anthu. Kumsika anaombera m'manja pang'ono chabe, poti anthu a ku Bweranimawa anaphunzira kalekale kusunga manja mpaka ataona.

Khonsolo inakumana mwadzidzidzi. Aka kanali koyamba kuti makhansala ndi mabwana onse apezeke m'chipinda chimodzi, moti ena anachita kuuzana mayina. A Meya Ndilipo anatsegula msonkhano ndi mawu ogwira mtima. Anati iwo amawakonda anthu kuposa wina aliyense, koma anthu ali ndi fumbi kumapazi, ali ndi ana okhudza makoma, ndipo choopsa kwambiri, anthu akalowa m'katimo adzayamba kudziwa amene alipo ndi amene palibe. Amene anapulumutsa zinthu ndi mlembi wamkulu, a Sainani, bambo woonda wa zolembera zinayi m'thumba la malaya. Anakumbutsa msonkhano kuti chiyambire makolo athu, jekete likakhala pampando mwini wake alipo, ndipo palibe amene anatsutsapo. Bwanji tsono mwambo wokongolawu usalembedwe? Asanamwe tiyi wachiwiri anali atavomereza lamulo la mzinda lakuti jekete lokoleka pampando ndi wantchito wathunthu, woyenera ulemu ndi ufulu wonse wa munthu wamoyo.

Chimene chinatsatira ndi liwiro la ku kaunjika. Pofika masana, benchi ya Che Bwanali, wogulitsa zovala wotchuka pamsikapo, inali itatsala ndi mataye okhaokha. Majekete anakolekedwa paliponse pamene panali mpando, ndipo pamene panalibe mpando anabweretsa. M'chipinda chosungiramo matsache munalowa wachiwiri kwa mkulu wa zamasewera. M'chimbudzi chija inathandizidwiramo Mfumu munaikidwa awiri, poti tsopano anali malo a mbiri ya dziko. Akwati a Loweruka limenelo anakwatira atavala majuzi, thukuta lili kamukamu. Akazembe a Mfumu atabwera kudzayendera, anapeza chipinda chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo jekete lililonse linali ndi nambala ndi failo yakeyake.

Komabe khonsolo sinafune kuoneka youma mtima. Anthu anapatsidwa kunsi kwa masitepe. A Meya anadula riboni, bandi inaimba, ndipo malowo anatchedwa Bwalo la Anthu la Mfumu Mkokomo. Munkakwana anthu atatu, ngati mmodzi wa iwo wagwada.

Lolemba lotsatira Elube anavala chitenje chake cha kutchalitchi, ananyamula jekete lina lakuda limene anabwereka kwa m'busa, n'kukaima pamzere mpaka anamulowetsa kwa a Sainani. Anafotokoza mwaulemu kuti wabwera kudzatenga chovala cha malemu amuna ake, ndipo kuti chipinda chisakhale chopanda munthu, wabweretsa cholowa m'malo.

"Mukuti amuna anu anamwalira, mayi?" anafunsa a Sainani.

"Ndinawaika m'manda ndekha, bambo. Inunso munabwera. Munalankhula m'malo mwa khonsolo, ndipo munadya kawiri."

A Sainani anatsegula failo, ananyambita chala, n'kupukusa mutu mwachifundo. Anati mapepala sakuonetsa choncho. M'zaka zitatu zapitazi a Kachiwanda sanachedwepo, sanapemphepo tchuthi, sanakanganepo ndi wina aliyense, ndipo palibe munthu amene anabwera kudzadandaula kuti amupempha kangachepe. Chifukwa cha khalidwe limeneli anakwezedwa kawiri, ndipo tsopano anali Mkulu wa Ngalande Zonse. Kuonjezera apo, akazembe aja anawasankha kukhala Wantchito Wachitsanzo wa ufumu wonse, moti Lachisanu la sabata ya mawa Mfumu idzabwera yokha kudzawaveka mendulo. Munthu wotere sasinthanitsidwa ndi jekete la m'busa. Ngati mayi akufunadi chovalacho, abweretse kalata yosainidwa ndi mwini wake.

Elube anatuluka. Zaka makumi awiri mwamuna wake ankabwera kunyumba msana ukuwawa, osakwezedwa ngakhale kamodzi, ndiye lero akwezedwe kawiri ali m'manda? Anafuna kuseka, anafunanso kulira, ndipo posowa choyamba anangolunjika kumsika.

Anamupeza Che Bwanali atakhala pabenchi yake yopanda kanthu, akuthamangitsa ntchentche ndi taye. Nkhani itafotokozedwa, oyandikana nawo anaikapo ndemanga zawo. Wogulitsa usipa anati iyenso akamwalira akufuna akalembedwe ntchito ku khonsolo, poti zikuoneka kuti kumeneko n'kumene munthu amayambira kutukuka. Wometa anati tsopano wamvetsa chifukwa chake ngalande za mumzinda sizinasinthe, mkulu wake ndi munthu wosakonda kusokoneza zinthu. Che Bwanali yekha sanaseke. Anakanda ndevu kwa kanthawi, n'kunena kuti, "A Nakwenda, boma lanena kuti amuna anu ali moyo. Inu ndinu ndani kuti mutsutsane ndi boma? Mkazi wabwino sasiya mwamuna yekhayekha zaka zitatu. Pitani mukakhale nawo."

M'mawa mwake Elube anafika pachipata atasenza makina osokera, mphasa ili kukhwapa. Mlonda atamuimitsa, anayankha kuti akupita kwa amuna ake, a Mkulu wa Ngalande Zonse, ndipo mlondayo anachita sailuti. A Sainani atamva kulira kwa makina m'chipinda nambala 17 anabwera akuthamanga, koma atafika pakhomo anagwira njakata. Kuti amutulutse anayenera kulemba kuti mayiyu ndi wamasiye, ndipo kulemba zimenezo kunali kupha Wantchito Wachitsanzo patatsala masiku khumi kuti avekedwe mendulo. Anatulutsa cholembera choyamba, anachibwezera. Chimene anakwanitsa ndi kubweretsa tcheni, kulilowetsa m'dzanja limodzi la jekete n'kulitulutsira kwina, kenako kulimanga kumpando ndi loko wamkulu ngati wa sitolo.

Munthu wokwatira sakhala wopanda alamu. Lachitatu kwaya ya amayi ya ku Mtsinjewauma inafika kudzazonda alamu awo, ndipo poti chipinda chinachepa, anasefukira m'chipinda chochitira misonkhano ya khonsolo, mmene mawu ankamveka bwino kuposa kutchalitchi. Lachinayi Che Bwanali anaika chikwangwani pabenchi yake. Anati majekete ambiri a ku khonsolo anachokera m'manja mwake, anawatulutsa yekha m'belo, choncho iye ndiye nkhoswe yawo, ndipo zikumumvetsa chisoni kuona anyamata olemekezeka chonchi akukalamba osakwatira. Aliyense wofuna banja abwere.

Sindinaonepo maukwati ochuluka chonchi m'sabata imodzi. Mphunzitsi wa sukulu ya mkaka imene inkakumana pansi pa mtengo wa mthethe anakwatiwa ndi jekete la bulawuni la m'chipinda nambala 9, n'kulowa ndi ana makumi atatu, onse akuti ndi a m'banjamo. Amayi oluka madengu anatenga nsanjika ya pamwamba. Wometa uja anati iye ndi mchimwene wa mkazi wa nambala 31, ndipo anabwera ndi galasi lake. Madoda a bawo anakhazikika m'khonde, pamphepo yabwino. Anthu a pamzere aja, poona kuti aliyense ali ndi wachibale m'katimo, analowa n'kukhala pamipando yofewa ija, ena mpaka anagona tulo tabwino tomwe anali asanagonepo chibadwire. Bwana wina weniweni, mkulu wa za misika, atatulukira Lolemba kudzasuzumira jekete lake, analipeza lili ndi mkazi ndi ana anayi. Mkaziyo anamuuza mwaulemu kuti adikire panja, abwana angotuluka pang'ono.

Mzinda wonse unkasangalala kupatula munthu amene anayambitsa zonsezi. Elube ankasoka pambali pa jekete lomangidwa, ndipo tcheni lija linkamuyang'ana. Kulidula jeketelo sakanatha, a Mtambalika ankalifuna lathunthu. Tsiku loyamba anangolikuntha fumbi. Tsiku lachiwiri anaona kuti batani lapakati likulendewera, lomwe lija anawalonjeza a Disoni kuti adzalisoka Loweruka, ndipo analisoka. Pofika tsiku lachitatu anadzipeza akuliuza za mitengo ya nsalu, za denga lodontha, ndiponso, mochita manyazi, za a Yotamu.

A Yotamuwo sanapondemo m'nyumbamo. Ankakhoma zidebe zawo kunja kwa chipata, ndipo anthu anaona kuti masiku amenewo ankakhoma mwamphamvu kuposa mmene chidebe chimafunira. Madzulo ena Elube akuweruka anaima pafupi nawo.

"Ndamva kuti amuna anu akwezedwa," anatero a Yotamu osadzutsa mutu. "Ine ndimadikira mkazi wamasiye, a Nakwenda. Mkazi wa bwana sindingamuthe."

Elube anawapempha kuti apirire mpaka Lachisanu. Atamufunsa chimene chidzachitike Lachisanulo, anavomera kuti sakudziwa. A Yotamu anayang'ana kumwamba, kumene mitambo inali itada kumbali ya kum'mawa, n'kunena kuti alongo awo atumiza uthenga kuti mkazi uja wagula kale sutikesi.

Lachisanu Mfumu inafika itadya zinthu zakupsa bwino. Italowa m'Nyumba ya Khonsolo inaima kakasi. Ana ankaimba a e i o u, makina ankalira, lumo linkadula, kwaya inkayeseza nyimbo ya Khirisimasi, ndipo nkhalamba ina inkaliza mkonono pampando wa a Meya. Mfumu inasangalala mpaka misozi. A Meya Ndilipo, amene sabata yonse ankalemba kalata yoitanitsa apolisi kuti adzathamangitse anthuwo, anaipinda msangamsanga n'kufotokoza kuti zonsezi ndi masomphenya awo, ndipo anachita kugona ndi njala kuti zitheke.

Kenako gulu lonse linakwera kupita ku chipinda nambala 17. Kutsogolo kunali msilikali atanyamula mendulo pakapilo kofiira. Mfumu inalowa, inayang'ana mayi wogwada pamphasa, inayang'ana jekete, n'kufunsa kuti Wantchito Wachitsanzo ali kuti. A Meya anayankha ndi mawu amene anawazolowera kuyambira ali kalaliki, akuti abwana alipo, angotuluka pang'ono. Anaganiza kuti Mfumu ingobaya menduloyo pachovalacho n'kumapita, monga amachitira anthu otanganidwa.

"Palibe kanthu," inatero Mfumu. "Munthu wotere ndi woyenera kumudikira. Ndikufuna ndimugwire chanza."

Inakoka mpando n'kukhala. Ku Tidzaonabe mfumu ikanena kuti idikira singasinthe, chifukwa wailesi imakhala italengeza kale. Ola loyamba inatafuna mtedza. Ola lachiwiri kwaya inaimba nyimbo zake zonse, n'kuyambiranso. A Meya anatuma amesenjala atatu kukafunafuna a Kachiwanda, ndipo amesenjalawo, podziwa kumene a Kachiwanda ali, anangopita kukakhala kuseri kwa nyumba. Apa n'kuti a Sainani atasendera pafupi ndi Elube ngati akufuna kutola cholembera. Anamunong'oneza kuti asayerekeze kutchula za maliro. Akangotero, Mfumu ikhazikitsa komishoni yofufuza, jeketelo likhala umboni, ndipo umboni sutuluka m'manja mwa boma mpaka komishoni itamaliza. Komishoni yomaliza kumaliza ntchito mu ufumuwo inatenga zaka khumi ndi chimodzi, ndipo inali yofufuza za mbuzi imodzi.

Ola lachitatu likutha, kutali kunagunda bingu. Mtedza unali utatha, ndipo nkhope ya Mfumu inali itayamba kufanana ndi mitambo ija. Inatembenukira kwa Elube.

"Mayi, amuna anuwa amachedwa chonchi masiku onse?"

Elube sanafune kunama pamaso pa Mfumu, ndipo sananame. "Kunyumba sanafikeko zaka zitatu tsopano, Mfumu yanga."

"Zaka zitatu? Nanga amakutumizirani uthenga?"

"Ngakhale umodzi, Mfumu yanga."

"Ndiye inu mumangokhala pano kuwadikira?"

"Ndawasokera batani."

Mfumu inaimirira, mpando n'kugwa chagada. Inalankhula kwa theka la ola, ndipo ndiyenera kuvomera kuti inalankhula bwino. Inati uyu ndiye mtundu wa anthu umene wabwezera ufumu m'mbuyo, munthu wonyenga akuluakulu ake ndi nkhope yofatsa, wodikiritsa Mfumu ngati wogula makala, wosiya mkazi wokhulupirika akusoka mabatani pamene iye akuyendayenda kaya kuti. Inalamula kuti Disoni Kachiwanda achotsedwe ntchito nthawi yomweyo, dzina lake liwerengedwe pa wailesi sabata yonse ngati chitsanzo cha ulesi, ndipo katundu wake yense atuluke m'nyumba ya boma dzuwa lisanalowe.

Elube anamva mawu aliwonse ngati singano yolowa pansi pa chikhadabo. M'chipindamo munali anthu osachepera makumi awiri amene ankadziwa kuti mwa antchito onse a nyumba imeneyo, Disoni yekha ndi amene sanadikiritsepo munthu. Anafunitsitsa kumuikira kumbuyo. Bingu linagundanso, pafupi tsopano. Elube anayang'ana tcheni, analuma mlomo, n'kuweramitsa mutu, ndipo Mfumu inamuyamikira chifukwa cha kufatsa kwake.

Kiyi wa loko uja sanapezeke. A Sainani anali atamuika mu failo, failoyo inali itatumizidwa ku chipinda nambala 40 kuti ikasainidwe, ndipo wa nambala 40 anali jekete la mizeremizere. Mfumu inafunsa ngati mumzinda wonse mulibe munthu wodziwa kudula chitsulo, ndipo mawu makumi awiri anatchula dzina limodzi. A Yotamu analowa m'Nyumba ya Khonsolo koyamba, nyundo ndi tchizulo zili m'manja. Anagwada pambali pa mpando, anapinda dzanja la jekete mosamala kuti chitsulo chisakhudze nsalu, anamenya katatu, tcheni n'kugwa. Kenako analikolola jeketelo ndi manja awiri n'kulipereka kwa Elube.

Zotsalazo zinatha mwachifumu. Mfumu inalamula kuti anthu akhalebe m'zipinda zonse, poti iwo akafunidwa amapezeka. Mendulo inavekedwa a Sainani, chifukwa inali itabwera kale ndipo sikanabwerera. A Meya anapempha bandi kuti iimbe.

Elube anapinda jekete lija kanayi, analifungatira pachifuwa, n'kutsika masitepe, a Yotamu akumutsatira ndi makina osokera paphewa. Uthenga unali utapita kale kwa a Mtambalika kuti akwere basi ya m'mawa, mphasa iyalidwa. Pachipata kawailesi ka mlonda kanali katayamba kale ntchito yake, kakutchula dzina la Disoni Kachiwanda, mlesi wamkulu wa ufumu wa Tidzaonabe. Elube anaima. Anaweramira chovala chija n'kunena motsitsa mawu, "Mundikhululukire, a Disoni. Ine ndikudziwa, ndipo nanunso mukudziwa." A Yotamu anatula makina pansi n'kuvula chipewa.

Ali chiimire choncho, panafika nkhalamba ina yochokera kutali, nsapato zili mbuu ndi fumbi, itagwira kalata yothimbirira. Inati ngalande ya kwawo yatsekekanso, ndipo zaka zapitazo kunali kalaliki wina ku nambala 17, yekhayo amene ankati ukalowa n'kukupatsa mpando, n'kukumvera mpaka umalize. Inafunsa ngati a Kachiwandawo iwapeza.

Elube anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje.

"Aweruka, bambo," anatero. "Anachedwa kuweruka, koma aweruka."